Khoma Lofiira la Apongozi a Makisoni

Mukadzafika ku sikimu ya Likangala nthawi yomweta mpunga, mudzayang'ane manja a anthu. Onse ndi amodzimodzi, okhakhala, ong'alukang'aluka ngati pansi pa nyanja ya Chilwa chaka chimene inauma. Koma mukadzaona bambo wamtali, wowerama pang'ono, amene zala zake zonse zili ngati mizu ya chinangwa kupatula kachala kakang'ono ka kumanja, kamene kali see ngati ka namwino, ameneyo ndiye Makisoni. Moni mudzam'patse, koma za kachalako musadzam'funse, amachita manyazi. Ndikuuzani ndine.

Makisoni si wakuno. Makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale nakhazikika cha ku Phalombe, ndipo iye anabwera kuno ali mnyamata, kutsatira matemba. Anakhala zaka zambiri pa zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, mpaka nyanja inaphwa n'kumusiya ali ndi bwato pamtunda. Anzake anamanga katundu kubwerera kwawo. Iye anali ataona kale Elenala akugulitsa zitumbuwa padoko la Kachulu, ndiye miyendo inakana njira ya ku Phalombe. Anakwatira, nalowa chikamwini m'mudzi wa mkazi wake kuno kwa Kuntumanji, ukonde n'kuusinthanitsa ndi khasu.

Nyanja inamusiyira chikumbutso m'maso. Munthu wakhala zaka akuyang'ana madzi onyezimira, dzuwa likangofika paliwombo maso ake amalengeza misozi, zinthu zonse n'kumaoneka mbuu. Sukulu nayo anangoilawa ngati ndiwo za eni, moti zilembo kwa iye ndi nyerere zobalalika. Koma pa khasu ayi ndithu. Puloti ya banja la Elenala, imene kale inkabereka namsongole, m'manja mwake inayamba kutulutsa mpunga wochititsa anthu kudwala mutu.

Pa mwambo ndiye musanene. Ana a masiku ano amagwirana chanza ndi apongozi awo, ena mpaka kujambulitsa nawo atakolekana mikono. Makisoni ndi wachikale. Apongozi ake, Anangondo, mayi wamasiye wochepa thupi, wolankhula motsitsa, mtsogoleri wa amayi a Mvano kutchalitchi kwathu, sanawayang'anepo kumaso, sanadye nawo pamodzi, ndipo mawu ake kwa iwo ankadzera mwa munthu wina. Tsiku lina anakumana nawo pa kanjira kopapatiza ka pakati pa mapuloti, kumanja madzi, kumanzere ngalande. Makisoni sanaganize kawiri. Anavula chipewa n'kudumphira mu ngalande, madzi m'chiuno, nanjuta momwemo mpaka apongozi atadutsa. Anangondo ankamunyadira mkamwini ameneyu, ngakhale kuti sakanamuuza.

Zonse zinasokonekera ndi foni.

Chaka china mpunga utachita bwino, Makisoni anakagula foni ya tachi ku Songani. Mwana wake woyamba, Memory, amene ali ku sekondale yogonera komweko, anali patchuthi, ndipo podziwa kuti bambo ake ndi zilembo samwerana madzi, anaika kachithunzi pa nambala ya munthu aliyense. Ukafuna munthu, dinya nkhope yake, basi. Nzeru yabwino. Kungoti zithunzi za Elenala ndi amake anazijambula tsiku limodzi atangochoka ku Mvano, onse ali mu duku loyera ndi bulauzi yoyera. Ndiye Elenalayo anatengera amake mphuno, masaya, ndi kapendeketsedwe ka mutu komwe. Pa foni kachithunzi kotere n'kozungulira, kukula kwake ngati chikhadabo. M'nyumba, mumthunzi, Makisoni ankatha kusiyanitsa. Kumunda masana tonse tiwiri tinkangokhala timadontho toyera. Memory anabwerera kusukulu osadziwa kuti wasiya msampha m'thumba la bambo ake.

Msamphawo unafwamphuka nthawi yoinga mbalame. Makisoni anali kupuloti chiyambire m'mawa, njala itam'pinda. Anatulutsa foni, nadinya kadontho koyera.

"Iwe, ukufuna ndifere kuno? Bweretsa mbatata ndi madzi msanga, mpheta zandizungulira, sindingachoke."

Anadula osadikira yankho, poti munthuyu amasamala mayunitsi.

Patapita kanthawi tinaona Anangondo akulowa mu sikimu, mbale pamutu, chigubu m'manja, atavala chitenje chawo chopitira kumaliro a anthu olemekezeka. Ankayenda pang'onopang'ono, kupereka moni puloti iliyonse, kuti pasapezeke wonena kuti sanaone. Atafika pangodya ya munda anagwada, msana kwa mkamwini, nkhope kwa chidole choopsezera mbalame chimene chinavala malaya akale a Makisoni.

"Inu a malaya ong'ambika," anatero Anangondo kuuza chidolecho, "mundiuzireko eni munda kuti iwe uja wafika nazo mbatata."

Makisoni anamira mumpunga ngati mlamba wamva mkondo. Mbatatazo zinadyedwa ndi ife oyandikana naye, poti zinali zosatayitsa.

Nkhani imeneyi inatha ndi nkhuku yopepesera. Yachiwiri nkhuku inachepa.

Anali atakangana pang'ono ndi Elenala, zimene zimachitika m'nyumba iliyonse. Ali ku Songani kogulitsa mpunga anaona chitenje chokongola nagula, ndipo mtima utasefukira anaima padzuwa pakati pa msika n'kudinya kadontho koyera.

"Ele wanga," anatero, "kilombero wanga iwe, wonunkhira usanafike n'komwe pamoto. Ndakugulira kanthu. Usambe, undidikire."

Kenako kunamveka mawu otsitsa aja.

"Zikomo bambo. Koma ine ndinasamba kale m'mawa."

Tsoka lake, kafoni ka mabatani ka Anangondo kanagwerapo m'madzi, ndiye kamangomveka akakaika mokweza. Ndipo nthawi imeneyo anali pakati pa amayi a Mvano, akuphunzira nyimbo yatsopano. Nyimboyo sinaphunziridwenso tsiku limenelo. Pamene Makisoni ankafika pamudzi ndi njinga yake, ana anali atayamba kale kumuitana kuti a Kilombero.

Apa panafunika ankhoswe. A Gerishomo, mlongo wawo wa Anangondo, amene ndiye mwini mbumba, anaitanitsa bwalo la pabanja. Anangondo anakhala kuseri kwa nkhokwe, mawu awo n'kumadzera mwa mlongo wawoyo.

Nkhoswe ya Makisoni inati nambala ya apongozi ingofufutidwa mufonimo.

"Akufunsa kuti kodi amwalira, kuti afufutidwe?" anatero a Gerishomo atamvetsera kuseri kwa nkhokwe. "Akutinso mphumu ikawagwira, amene amawanyamula panjinga ndi mkamwini yemweyu. Adzadziwa bwanji kuti akuimba ndi iwo?"

Ena anati asinthe chithunzi. Kuseri kwa nkhokwe kunachokera yankho loti chithunzi cha yunifolomu chimenecho ndi chokhacho chimene anaoneka bwino moyo wawo wonse, ndipo akufuna chidzakhale pabokosi lawo. Ndiye asinthe cha Elenala. Elenala, amene pa nthawiyi anali woyembekezera ndipo mtima unali pafupi, anati, "Amayi akhale a Mvano, ine ndikhale wakunja m'foni ya mwamuna wanga yemwe? Iyayi." Wina wopanda nzeru anati pa nambala ya apongozi aikepo chithunzi cha mkango. Anamuthamangitsa pabwalopo.

A Gerishomo anatsokomola. "Bambo a Memory, ndinu munthu wolimbikira, palibe akukana. Koma achemwali anga asanduka nyimbo pamjigo. Mawu anga ndi amodzi. Foni yawo ikadzangoliranso ndi nambala yanu, mudzapinde mphasa. Njira ya ku Phalombe mukuidziwa."

Mkamwini ndi mlendo ngakhale atamera imvi pamudzi. Nyumba anamanga yekha, puloti anaisalaza yekha, koma akamachoka amanyamula mphasa ndi khasu. Ana, mkazi, ndi amene anali m'mimbayo, onse akanatsala.

Kwa masabata angapo Makisoni sanaimbire munthu. Akafuna kuuza Elenala kanthu ankayenda wapansi kuchokera kusikimu, foni ili m'thumba, mbalame n'kumachita phwando kumbuyo. Koma munthu amene anadumphira mu ngalande chifukwa cha ulemu sangagonje kwa kadontho. Tsiku lina anapopa njinga ulendo wa ku Songani, kwa Rehema, mayi wachitsikana amene ali ndi kashopu kojambula zithunzi ndi kusindikiza makadi a ukwati.

"Achemwali," anayamba Makisoni akupotokola chipewa, "pali mnzanga wina amene ali ndi vuto la tizithunzi ta m'foni."

"Mnzanuyo si a Kilombero?" anafunsa Rehema osakweza n'komwe mutu pa laputopu yake.

Nkhani zathu zimafika ku Songani mpunga usanafike.

Rehema ataseka n'kumaliza, anamumvera chisoni. Anatenga zithunzi ziwiri zija, naziwalitsa, nazikometsa pa laputopu mpaka Elenala anaoneka ngati wa pa kalendala. Mushopumo kusiyana kunali poyera. Makisoni anathokoza, napalasa njinga kubwerera. M'mawa mwake dzuwa litakwera anatulutsa foni kupuloti. Timadontho tiwiri toyera, mbuu, ngati kale.

Anabwereranso.

"Bambo, choyera n'choyera," anatero Rehema. "Mtundu timaukoleza pamene ulipo kale, ngati moto. Duku loyera mulibe khala loti n'kupemerera. Komanso ine ndikukonzera mumthunzi muno, ndi maso anga. Laputopu sindingapite nayo m'matope mwanumo."

"Ndiye mundiphunzitse," anatero Makisoni. "Ndizikakonzera komweko, ndi maso anga omwewa."

Rehema anayang'ana zala zija n'kupukusa mutu, koma anamuikira m'foni pulogalamu yokonzera zithunzi. Mawu ake anali a Chingerezi, koma Makisoni analibe nawo ntchito. Analoweza tizizindikiro. Kadzuwa n'kowalitsa kapena kudetsa. Kamwezi kogawika pakati n'kotalikitsa zakuda ndi zoyera. Kadontho ka madzi n'kokoleza mtundu. Kaburashi n'kosankha malo amene ukufuna kuti asinthe, kwina n'kusiya. Pansi pa chilichonse pali kamzere kokhala ndi kampira, ukakakankhira kumanja zinthu zimawonjezeka, kumanzere zimachepa.

"Chinanso," anatero Rehema, "chithunzi choyambacho musamachikhudze. Muzikopera china n'kumaseweretsa chimenecho."

"Mbewu sitidya," anavomera Makisoni. Pamenepo anamva msanga kuposa ophunzira.

Vuto loyamba linali zala. Galasi la foni silinkazimva bwino chifukwa cha zikang'a, ndipo likazimva, chala chimodzi chinkaphimba kampira, kamzere ndi theka la chithunzi. Makisoni anayang'ana dzanja lake ngati munthu wosankha mbuzi yoti anenepetse, nasankha kachala kakang'ono. Anayamba kukakwecha ndi mwala wotsukira mapazi, kukadzoza mafuta a Elenala m'mawa ndi madzulo, ndipo popita kumunda ankakakulunga ndi kansanza. Khasu ankaligwira kachalako katatukuka m'mwamba, ngati bwana akumwa tiyi.

Mudzi unawerengera wokha. Bambo wopita ku Songani kawirikawiri, wodzola mafuta onunkhira, wokhala yekha ndi foni kumunda akumwetulira kapena kudandaula. Pamjigo anagamula kuti pali chibwenzi, ena mpaka anatchula dzina. Ine ndinangomva, ndipo onse amene ndinawauza ndinawachenjeza kuti asauze munthu. Elenala zitam'fika anangoti, "Chibwenzi chake cha kachala kamodzi? Musiyeni."

Ntchito yoyamba imene Makisoni anabwera nayo kunyumba inali yoopsa. Anali atakankha kampira ka mtundu mpaka kumapeto, poganiza kuti mchere ukachuluka ndiye kukoma. Duku linakhalabe loyera, koma nkhope ya Anangondo inali psuu ngati tomato wa kudimba.

"Mayo ine! Amayi anga mwawawotcha?" anakuwa Elenala. "Bambo a Memory, fufutani msanga asanaone munthu. Nkhope ya amayi musaikhudze, mwamva? Ndipo inu mwayamba liti kuwayang'ana amayi kumaso?"

Funso limeneli linam'baya kuposa chigamulo cha a Gerishomo. Zoonadi, pokonza chithunzi umachikulitsa chidzaze galasi lonse, ndiye iye, Makisoni wa mu ngalande uja, anakhala masiku akupenyetsetsa nkhope ya apongozi, n'kumaisisita ndi chala.

Mawa lake kupuloti anang'amba kachidutswa ka tsamba la nthochi, nakanyowetsa ndi malovu, nakamata pagalasi pamene panali nkhope. Anavula chipewa. "Pepani amayi, ndi ntchito," anatero, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankayamba kukonza asanatero.

Nkhope itabisika, maso ake anasowa poyang'ana, ndiye anayamba kuona zimene zinali m'mbali. Anangondo anajambulidwa ataima pakhoma la nyumba yawo, la njerwa zootcha zimene zinatuwa ndi fumbi. Anatsegula cha Elenala. Iye anaima kutsogolo kwa nthochi za kuseri kwa bafa. Masiku onsewa ankalimbana ndi duku lopanda khala, pamene makala anali kumbuyo kwa anthuwo.

Memory podula tizithunzi tija anayandikitsa nkhope kuti zidzaze kabwalo konse. Makisoni anachita zosiyana. Anabweza anthuwo m'mbuyo, nkhope zichepe, khoma ndi nthochi zipeze malo. Kenako anatenga kaburashi, ndi kachala kake kaja, n'kuyamba kupaka khoma lokhalokha, kuzungulira duku, kutsika m'mbali mwa phewa, osalumpha malire. Kakaterereka n'kukhudza bulauzi, ankabweza n'kuyambiranso. Munthu amene amasalaza puloti mpaka madzi kugona mofanana ngodya zonse sachita changu pa zinthu zotere. Batire likatha ankakatchajitsa pa sola ya kugolosale, mawa n'kupitiriza.

Ankagwira ntchitoyi masana enieni, atakhala poyera, anthu ena onse atathawira mumthunzi. Wilisoni, mnzake wa puloti yoyandikana nayo, ankamukuwira ali pansi pa mtengo.

"Amwene, bwerani kuno, mupsa! Kapena a ku Songani akukanizani mthunzi?"

"Mdani wanga ndi dzuwali," ankayankha Makisoni osatembenuka. "Ndikakonzera mumthunzi ndiye kuti ndikulimbana naye iye kulibe."

Kayesedwe kake kanali kotere. Akapaka, ankasunga chithunzicho, n'kuchiika pa nambala kuti chibwerere kukhala kachikhadabo, n'kutambasula mkono, n'kudikira misozi ibwere. Akatero ndiye ankayang'ana. Anaphunzira zinthu zimene ngakhale Rehema sanamuuze. Chimene chikukongola chili chachikulu, chikachepa chimazilala. Chimene chikuoneka chonyanya chili chachikulu, ngati chitenje cha munthu wofuna kuonedwa pamaliro, chikachepa ndiye chimakhala bwino. Tinthu tambirimbiri timangosanduka phala, choncho nkhuku imene inkadutsa kumbuyo kwa Anangondo ndi beseni limene linali pafupi ndi Elenala anazikwirira ndi mtundu.

Atafiiritsa khoma n'kubiriwitsa nthochi anaganiza kuti wamaliza. Dzuwa linamuseka. Paliwombo, misozi ili m'maso, chofiira ndi chobiriwira zonse zinkangooneka zoderako mofanana. Anakhala masiku awiri akuyesa uku ndi uku. Tsiku lachitatu anakumbukira kadzuwa kaja. Khoma analidetsa, likhale lofiira mozama ngati katondo wonyowa ndi mvula yoyamba. Nthochi anaziwalitsa, zikhale zobiriwira mopepuka ngati mbande za mpunga pa nazale. Tsopano ngakhale mtundu utathawa, china chinali chakuda, china chowala.

Anatambasula mkono. Misozi inabwera. Kumtunda kachikhadabo kofiira, kumunsi kobiriwira, ndipo pakati pa kalikonse kadontho koyera, nkhope zosakhudzidwa. Anatseka diso limodzi, anapendeketsa foni, anaipaka matope pang'ono. Sizinasokonekere. Wilisoni akuti anamuona akuimirira, kuvala chipewa, n'kudinya chobiriwira ngati munthu woponda pa mlatho umene wamanga yekha.

"Halo?" anayankha Elenala.

"Ndiwe?"

"Mumafuna akhale ndani?"

"Palibe. Ndimangofuna kumva."

Kuyambira pamenepo ankamuimbira mkazi wake pa chilichonse, kuti madzi alowa mupuloti, kuti madzi aphwa, kuti kwadutsa ng'ombe, mpaka Elenala anayamba kulakalaka masiku a wapansi aja. Kofiirako sanakadinyepo. Chala chake chinkakalambalala ngati mmene mwini wake amalambalalira eni nkhopeyo panjira.

Inafika nthawi yomweta. Elenala anali atatopa, ndipo a kuchipatala anali atamuuza kuti apite akadikirire komweko. Iye anati apita mpunga ukalowa m'matumba, poti unali utayamba kuyoyoka. Tsiku limenelo linali la Mvano, amayi ambiri anali kutchalitchi, ndipo mu sikimu munatsala amuna okhaokha. Elenala anajomba n'kutsatira mwamuna wake kumunda, foni yake ataisiya ikutchajidwa kugolosale.

Dzuwa lili paliwombo, anagwetsa zenga n'kugwira m'chiuno.

"Bambo a Memory. Itanani amayi."

Makisoni anayang'ana uku ndi uku. Wilisoni ndi amuna ena anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo, poti izi si za amuna. Kutchalitchi n'kutali, ndipo kuthamangira kumeneko kunali kumusiya mkazi yekha paziputu.

"Mawu a amalume ako ukuwakumbukira?" anafunsa.

"Ndati itanani amayi!"

Anamasula kansanza ka pachala. Thukuta ndi misozi zinali zitadzaza m'maso, galasi likunyezimira ngati nyanja ija, koma kachikhadabo kofiira kanali pompo, kosafuna kufunafuna. Anavula chipewa, anagwada, anatembenukira kunyanja kuti msana uloze kumudzi, nadinya.

Zimene zinachitika kutchalitchi ndinazimva kwa anthu asanu, ndipo onse akugwirizana. Kafoni ka Anangondo kanalira pakati pa pemphero. Mayi amene anakhala pafupi anasuzumira n'kunong'ona kuti, "A Kilombero." Kuseka kunayenda m'mabenchi ngati mphepo mumpunga. Anangondo anangokayang'ana kafoniko mpaka kanasiya. Mtima unawawawa, akuti, poti mkamwini ameneyu sankafuna kumutaya. Kanaliranso. Akazi awo a Gerishomo anati, "Basi, mphasa yapindidwa." Kanasiya. Kanaliranso.

"Wophonya amadula n'kuthawa," anatero Anangondo. "Uyu akundifuna ine." Anayankha.

Mawu a Makisoni anamveka tchalitchi chonse, osabwerera m'mbuyo.

"Amayi, ndine mkamwini wanu. Sindinaphonye, ndaimbira inuyo dala. Mwana wanu wayamba kudwala kumunda kuno. Mphasa ndipinda madzulo, koma panopa bwerani."

Amene anali kusikimu akuti sanaonepo zotere. Amayi a Mvano onse, maduku mbee, akuthamanga m'tinjira ta pakati pa mapuloti ngati akakowa aona dzombe, patsogolo Anangondo, mphumu ataiiwala pabenchi. Anamuzungulira Elenala ndi zitenje, wina anaitana njinga yamoto, ndipo anafika kuchipatala nthawi ikadalipo, ngakhale kuti anamwino anawakalipira mokwanira. Elenala anachira. Mwana wamkazi, wa mphuno yomwe ija.

Makisoni madzulo amenewo anapindadi mphasa, naimanga ndi luzi, naiimika pakhonde. Inakhala pomwepo mpaka Elenala atatuluka kuchipatala.

A Gerishomo anabwera kudzaona mwana, ndipo ataona mphasayo anasowa poyang'ana. Munthu wamkulu kubweza mawu n'kovuta.

"Ine ndinati ikadzangolira," anatero akukanda m'mutu. "Ndiye inalira. Anthu onse anamva."

Anangondo anali pamkeka pakhonde lomwelo, msana kwa mkamwini amene ananjuta patali, khanda lili m'manja. Analankhula ndi khandalo.

"Iwe mlendo, uwauze agogo ako aamunawa kuti foniyo ndi yanga, makutunso ndi anga. Ine ndinadandaula za kuphonya. Amene anaimba tsiku lija sanaphonye. Uwauzenso bambo ako amasule mphasayo, ikutchinga mphepo."

A Gerishomo anapumira m'mwamba ngati munthu amene wam'tula thumba la mpunga wonyowa.

"Komanso," anapitiriza Anangondo, akulankhulabe ndi khanda, "ndamva kuti ndili m'foni mwa bambo ako ndi mtundu wangawanga. Ndione."

Foni inachoka kwa Makisoni kupita kwa Elenala, kwa Elenala kupita kwa amake. Elenala anakulitsa chithunzicho. Anangondo anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchiyandikitsa, kuchitalikitsa. Makisoni anali atayang'ana pansi.

"Nkhope sanaikhudze," anatero pomaliza. "Ali ndi mwambo bambo ako. Koma nyumba yokongolayi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, amayi," anatero Elenala. "Khoma lanu lomwe lija."

"Langa lotuwa lija?" Anangondo anatembenuzira khanda kunyumba yawo, ngati kuti nalo lione. "Ndiye uwauze bambo ako kuti munthu sangakhale ndi nyumba yabwino m'foni, pamudzi n'kumagona m'chigafa. Khoma lenilenilo lifanane ndi ili mvula isanagwe."

Kuno kunyanja dothi ndi lakuda, la makande. Katondo wofiira amapezeka kumtunda, njira ya ku Songani. Chilimwe chonsecho tinkamuona Makisoni akukankha njinga, thumba la katondo pakaliyala, ndipo akapaka mbali imodzi ankabwerera m'mbuyo mpaka pamsewu, kutulutsa foni, kutambasula mkono, kuyerekeza khoma ndi kachikhadabo. Ankadikira dzuwa lifike paliwombo kaye, poti mthunzi amati ndi wabodza. Kawiri konse anakokolola zonse n'kuyambiranso chifukwa katondoyo atauma anazilala.

Lero nyumba ya Anangondo imaonekera kusikimu, psuu pakati pa nyumba zotuwa, ndipo alendo timawalondolera ndi imeneyo. Asodzi akale anzake a Makisoni, a maso ngati akewo, amabwera ndi mafoni awo kuti awakolezere tizithunzi, wina mkazi wamkulu chikasu, wamng'ono mtundu wa mtambo, ndipo iye amawakhazika padzuwa mpaka atatuluka misozi asanawafunse kuti akuona chiyani. Dzina la Kilombero silinachoke. Anangondo nawo akamatuma khanda lija, limene pano likuyenda, amati, "Kawaitane a Kilombero," msana atautembenuza monga mwa mwambo, mapewa akugwedezeka.